Kachitseko ka thanki kakakana, musathamangire sikuludilaiva

Pa zinthu zonse zimene zimafa pa galimoto, kachitseko kobisa pothirira mafuta ndi kamene eni magalimoto ambiri amakaderera. Kakakana kutseguka pamalo omwetsera mafuta, uku anzathu akuimba mahutala kumbuyo, chizolowezi chathu n'kutenga sikuludilaiva n'kukakanula. Kakakana kutsekeka, timakamanga ndi waya kapena kukamata ndi tepi, ulendo n'kumapitirira. Chizolowezi chimenechi n'chowonongetsa ndalama, chifukwa kachipangizo kamene kamayambitsa vutoli kawirikawiri kamakhala kotchipa kuposa zimene timaswa pokanulapo. Kachitsekoka kamagwidwa ndi tinthu towerengeka, ndipo munthu wofufuza modekha sachedwa kupeza kamene kafa.

Magalimoto ambiri amene tikuyendera kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, monga Toyota Vitz, Probox, Sienta ndi Mazda Demio. Pa ambiri mwa amenewa, dalaivala amakoka kachogwirira kokhala pansi pambali pa mpando kapena m'munsi mwa chiwongolero. Kachogwirirako kamakoka kebulo yodutsa pansi pa kapeti mpaka kumbuyo, kebuloyo imabweza kamsomali kamene kamagwira chitseko, kenako kasipuling'i kamakankhira chitsekocho kunja. Choncho dzanja ndi khutu zimauza munthu pamene pali vuto. Kachogwirira kakamapepuka ngati palibe chimene kakukoka, ndiye kuti kebulo yaduka kapena yavuka pomwe imakola. Kakamalimba kwambiri, fumbi ndi dzimbiri zagwira kebulo kapena kamsomali, ndipo kutsuka ndi kudontheza timafuta tofewetsa kumathetsa nkhani. Kumbuyo kukamveka kuti khethe koma chitseko osatuluka, kasipuling'i ndiye katha mphamvu kapena kagwa. Apa wina akoke kachogwirira pamene mnzake akudina chitsekocho pang'ono kapena kuchinyamula ndi khadi lapulasitiki, lomwe silikala penti.

Pa magalimoto ambiri a ku Ulaya, monga a Volkswagen, BMW ndi Mercedes-Benz, njira yake ndi ina: kachitseko kamakhomedwa ndi kamota kamagetsi kamene kamayendera limodzi ndi maloko a zitseko zonse. Galimoto ikakhala yokiya, nako kamakhala kokiya, ndiye choyamba n'kutsegula maloko onse ndi rimoti. Zikakanika, munthu ayang'ane fyuzi, kenako amvetsere ngati kamotako kakulira akadina batani. Ndiponso opanga magalimoto ambiri anaika potsegulira pangozi mkati mwa buti, kuseri kwa chophimba cha mbali imene kuli thanki, pomwe pamakhala kachingwe kapena kandodo kokoka ndi dzanja. Ngakhale pa galimoto yopanda kachingweko, kuchotsa chophimbacho kumafikitsa dzanja pa loko weniweniyo. Wokanula kunja amapinda hinji, amathyola kamsomali ndi kusenda penti, dzimbiri n'kupeza polowera, pomwe kebulo kapena fyuzi imene inafa ija ikadali yakufa.

Ena anganene kuti chimene chimatseka thanki ndi chivindikiro chopotokola chija, ndipo kachitseko n'kongokongoletsa. N'zoona kuti mphira wa pa chivindikiro ndi amene amatchinga mpweya wa petulo kuti usatuluke, moti pa magalimoto ena chivindikiro chikakhala chosamanga bwino nyali yochenjeza za injini imayaka. Koma kachitseko ndiko kamateteza chivindikirocho ku matope, mvula ndi manja a anthu. M'misewu yathu yafumbi, dothi limaunjikana pakamwa pa thanki n'kumagweramo nthawi iliyonse imene tikuthira mafuta, ndipo limakatseka sefa, kulemetsa pampu ndi kuwononga mainjekita, makamaka pa injini zamakono za dizilo. Madzi nawo ndi oopsa kwambiri kuno chifukwa petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo ethanol amayamwa madzi. Tisaiwalenso kuti pa nthawi za kusowa kwa mafuta, monga mu 2011 ndi 2012 komanso m'zaka zaposachedwapa, mafuta amasanduka chuma chosiririka. Zivindikiro za magalimoto ambiri zilibe kiyi, choncho loko yekhayo wotchinga munthu wobwera ndi paipi ndi chigubu usiku ndi wa kachitsekoka.

Chifukwa china chimene anthu amapereka n'chakuti ndalama ndi zosowa, ndipo waminibasi kapena wataxi sangaimike galimoto tsiku lonse chifukwa cha kachitseko. Dandaulo limeneli n'lomveka, koma likawunikidwa bwino likugwirizana ndi mfundo yathu. Kufufuza sikulira ndalama, ndipo kebulo, kasipuling'i kapena loko wochotsedwa pa galimoto yakufa amapezeka kwa ogulitsa masipeyala ku Ndirande, ku Biwi ndi m'misika ina. Chodula ndi kuwongola bodi, kupopera penti ndi kugula pampu yatsopano. Choopsa koposa n'chakuti mpweya wa petulo umayaka ndi kamoto kochepa zedi, kotero kumenya zitsulo, kuwotcherera kapena kuwunikira ndi machesi pafupi ndi pakamwa pa thanki n'kuika moyo pachiswe. Chimodzimodzi kutseka thanki ndi chisanza kapena jumbo chivindikiro chikatayika: chisanza chonyowa ndi petulo chimayaka msanga, ndipo galimoto ikagubuduzika mafuta amakhuthuka.

Udindo suli pa eni magalimoto okha. Makaniko amene amalandira galimoto ya savisi azikoka kachogwirirako, azitsuka kamsomali ndi kuona ngati mphira wa chivindikiro sunang'ambike, monga momwe amaonera oyilo ndi mabuleki. Othira mafuta nawo aziphunzitsidwa kufunsa ngati maloko atsegulidwa asanayambe kulimbana ndi chitseko cha kasitomala. Ndipo amene wangogula galimoto, makamaka yobwera ndi buku lolembedwa m'Chijapanizi, afufuze potsegulira pangozi galimotoyo ikadali pakhomo, chifukwa pa mzere wa mafuta palibe amene angamupatse mpata wophunzira.