GALIMOTO YAKALE SAGULA CHOIMIRIRA

 Uthengawu ndi wautali, ndiye ngati muli pa ntchito usungeni muwerenge madzulo. Koma muwerenge ndithu, chifukwa ikukhudza ndalama zanu komanso moyo wa anthu amene mudzawakweze kumbuyo.

Masiku ano kwabuka kamtima kofuna magalimoto akale. Munthu akangopha usipa bwino miyezi iwiri, maganizo ali pa Hilux yakale, Land Cruiser ya m'ma 1990, kapena Land Rover zija akuluakulu ankaziona ndi a DC. Ndamvanso kuti ena mwa inu mukusonkherana kuti mutsikire kwa Mlolo ku Nsanje, komwe akuti kuli pikiapu yotchipa, injini yake ikulira ngati yatsopano. Ine sindikukuletsani ayi. Magalimoto akale nanenso ndimawakonda. Alibe kompyuta, mawaya ake ndi owerengeka, ndipo makaniko aliyense wa pa msika amawadziwa. Koma maganizo anga ndi awa: galimoto yakale sagula ndi khutu, sagulanso choimirira. Amagula atagona chagada pansi pake, nyundo ili m'manja.

Inu nomwe mukudziwa momwe madala athu amagulira boti lakale la mapulanga. Penti sayang'ana, dzina lolembedwa m'mbali sawerenga n'komwe. Amalikokera kumtunda, n'kugogoda msana wake ndi nthiti zake, thabwa limodzilimodzi. Injini amafunsa pomaliza, chifukwa injini umamasula n'kuika ina, koma msana ukawola boti latha. Galimoto ndi chimodzimodzi. Pikiapu zonsezi zimakhala pa zitsulo ziwiri zazitali zochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa ngati makwerero. Ndiyo chassis imeneyo. Injini, giya bokosi, masipuling'i, chiwongolero, thanki ndi bodi, zonse zimamangidwa pamenepo. Injini ikafa mupeza ina ku Ndirande kapena ku Biwi. Chassis ikawola mwatsala ndi mulu wa masipeya.

Tsopano chifukwa chiyani ndikunena za kwa Mlolo? Osati kuti anthu akumeneko ndi akathyali, ayi ndithu. Vuto ndi malo. Kwa Mlolo ndi ku East Bank, pakati pa Shire ndi Ruo, pafupi ndi dambo la Elephant Marsh. Kuchokera mu 1997 pomwe madzi anadula njira pakati pa Bangula ndi Makhanga, pa Mtayamoyo anthu akhala akuwoloka pa bwato. Madzi osefukira a mu January 2015 anamiza Makhanga. Mu March 2019 anabweranso, mu January 2022 kunabwera namondwe Ana, mu March 2023 Freddy. Galimoto iliyonse imene yakhala kumeneko zaka khumi zapitazi, kapena inamirapo, kapena inayenda m'matope mpaka pa zitseko. Ngakhale chaka chabwinobwino, msewu wochokera pa Thabwa kudzera ku Livunzu ndi Masenjere kukafika ku Fatima umadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri a Thyolo. Onjezeranipo kuti ku chigwa cha Shire mijigo ina imatulutsa madzi amchere, kutanthauza kuti mchere uli m'nthaka momwemo.

Dzimbiri limafuna zinthu zitatu basi: chitsulo, madzi ndi mpweya. Mchere umalifulumizitsa, kutentha kumalifulumizitsanso, ndipo za kutentha kwa ku Nsanje sitingachite kukambirana. Koma mdani wamkulu ndi matope. Chassis ya magalimoto ambiriwa ili ngati paipi ya makona anayi, m'kati muli mphako. Madzi amatope akalowa pa timabowo, madziwo amatuluka koma dothi limatsala. Dothilo limasunga chinyezi miyezi yambiri, kunja kuli dzuwa la October, m'kati muli chinyontho. Ndiye chitsulo chimadyeka kuchokera m'kati kupita kunja. Mukayang'ana kunja mupeza penti yakuda yosalala, pomwe chitsulo chatsala ngati chitini cha mkaka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Wina anena kuti aah amwene, Toyota siwola. Mverani izi. Ku America, komwe amathira mchere m'misewu nthawi yozizira kuti asungunule madzi oundana, kampani ya Toyota mu 2008 inayamba kugula mapikiapu a Tacoma opangidwa pakati pa 1995 ndi 2000 kuchokera kwa eni ake, chifukwa chassis zake zinkabooka ndi dzimbiri. Mu 2016 inavomeranso kukonza vuto lomwelo pa magalimoto ena a Tacoma, Tundra ndi Sequoia, pa mgwirizano wa ndalama pafupifupi 3.4 biliyoni za America. Ngati eni ake a Toyota anavomera kuti mchere umadya chitsulo chawo, inu ndi ndani kuti mukane? Kumbukiraninso kuti magalimoto ambiri amene tili nawo anagwirapo kale ntchito ku Japan kapena ku UK, komwenso misewu amaithira mchere, kenako anakwera sitima pa nyanja yamchere kudzatsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban. Ena amafika kuno dzimbiri litayamba kale.

Land Rover yakale ndiye imapusitsa kwambiri. Bodi yake yambiri ndi aluminiyamu, sichita dzimbiri lofiira lija, ndiye imaoneka yanyamata ngakhale ili ndi zaka 40. Koma chassis yake ndi chitsulo wamba, ndipo malo ake odziwika owolera ndi chitsulo chopingasa chakumbuyo kwenikweni, timikono totuluka m'mbali tonyamula bodi, ndi chipupa cha pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala. Komanso pomwe aluminiyamu wakhudzana ndi chitsulo pali chinyezi, aluminiyamuyo amadyeka n'kutulutsa ufa woyera. Ife a mainjini a boti izi timaziona tsiku ndi tsiku pa mwendo wa Yamaha, n'chifukwa chake pamakhala kachitsulo kaja kotchedwa anodi, kamene ntchito yake ndi kudyeka m'malo mwa injini. Galimoto ilibe anodi.

Nanga mukafika mutani? Musapite madzulo, musapite kukugwa mvula, ndipo musavale malaya a kutchalitchi. Tengani tochi, nyundo yaing'ono, sikulu dalaiva yaitali, kamaginito, ndi thumba loyala pansi. Pemphani mwaulemu: "Bambo, mundilole ndione kunsi." Mwini galimoto wachilungamo sakana. Akayamba kuti mukufuna kundiphwanyira galimoto, tsanzikani bwinobwino, yankho mwalipeza kale. Ngati mwaikweza ndi jeke, ikani zitsa zolimba pansi pake ndi miyala ku matayala. Osalowa pansi pa galimoto yodalira jeke yekha.

Yambani kutsogolo mbali imodzi, muzigogoda chassis pang'onopang'ono mpaka kumbuyo, kenako mbali inayo. Chitsulo chamoyo chimalira ngwe ngwe, nyundo imadumpha. Chowola chimalira phu phu, ndipo mumamva zinyenyeswa zikugwa m'kati. Pomwe pakukayikitsa, kanikizani sikulu dalaiva ndi mphamvu. Ikalowa, nkhani yatha. Gogodani kwambiri kunsi kwa chitsulocho, chifukwa ndi komwe matope amagona. Pisani chala pa timabowo ta chassis. Mukatulutsa dothi louma losakanikirana ndi mamba a dzimbiri, dziwani kuti m'katimo ntchito ili m'kati.

Malo oti muchedwepo ndi awa. Poyamba, pomwe masipuling'i akumbuyo amamangirira ku chassis, chifukwa katundu yense amatsamira pamenepo. Pakathyoka apo muli pa liwiro, ekiselo imasuntha ndipo galimoto imapita komwe yafuna. Kachiwiri, pomwe bokosi la chiwongolero lamangidwa. Uzani mnzanu apotoze chiwongolero uku ndi uku, inu mukuyang'ana ngati chitsulo chikusuntha kapena chili ndi mng'alu. Kachitatu, pakati pa kabini ndi bodi yakumbuyo, pomwe pikiapu yolemedwa imapindikira. Imani patali muone ngati mpata wa pakati pa kabini ndi bodi uli wofanana pamwamba ndi pansi. Kachinayi, pamwamba pa thanki ndi pomwe pamakhala tayala la sipeya, malo amene payipi ya wotsuka galimoto safikako. Kachisanu, timapaipi ta mabuleki timene timayenda m'mbali mwa chassis. Timeneti ndi tating'ono ngati pensulo, tikachita dzimbiri timaphulika pomwe mwaponda buleki mwamphamvu. Ganizirani muli pa chitsetse cha ku Thekerani kutsikira ku Muona, kapena pa makhotamakhota a Chikwawa, kapena kwathu kuno pa Golomoti ndi Chiweta, mwanyamula matumba ndi anthu, buleki n'kungoti fwaa mpaka pansi.

Si dzimbiri lonse loopsa, tisanamizane. Lofiira la pamwamba, lochoka ndi bulashi ya waya chitsulo n'kutsala chosalala, limenelo ndi lachibadwa kwa galimoto yakale. Mukhoza kugula, mupale, mupake penti. Lachiwiri ndi lija lotupa n'kumasendeka ngati makungwa a mtengo. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, ndiye mukaona pomwe zitsulo ziwiri zinalumikizana patupa, chitsulo chachepa kale. Apo pafunika munthu wodziwa, ndipo mtengo utsike kwambiri. Lachitatu ndi bowo kapena mng'alu pafupi ndi masipuling'i kapena chiwongolero. Limenelo musakambirane n'komwe mtengo.

Chenjerani ndi kunsi kokongola kwambiri. Galimoto ya zaka 30 yoyenda ku East Bank siyenera kukhala ndi kunsi konyezimira. Mukapeza phula watsopano kapena oyilo wakuda wopakidwa dzulodzulo, dzifunseni kuti akubisa chiyani. Palani pang'ono muone. Pa bodi yendetsani kamaginito kunsi kwa zitseko ndi mozungulira matayala. Pomwe sikakugwira pali fila, osati chitsulo. Pa Land Rover njira iyi sigwira ntchito poti aluminiyamu sagwira maginito. Kuti mudziwe ngati inamirapo, tukulani kapeti, yang'anani njanji za mipando ndi kuseri kwa dashibodi. Mchenga wosalala ngati ufa ukapezeka malo amene phazi silifika, galimotoyo inasambira. Masulaninso bawuti ya oyilo wa difu: akaoneka ngati tiyi wamkaka, munalowa madzi.

Ndikudziwa zomwe munene. "Owotcherera alipo, aika chigamba." Zoona, chassis imakonzeka, koma kukonza kwenikweni ndi kudula mbali yonse yowola mpaka pa chitsulo chamoyo, n'kuika chitsulo cha kunenepa kofanana. Zimene timaziona kawirikawiri ndi chigamba chophimba pamwamba pa bowo. Moto sugwira pa dzimbiri, ndipo chigambacho chimangotsekera chinyezi m'kati. Mng'alu umadzayambira m'mphepete mwa chigamba momwemo. Komanso nambala ya chassis imadindidwa pa chitsulo chomwecho. Iwerengeni, muifananize ndi ya pa blue book. Ikakhala yodyeka, yodulidwa kapena yowotchereredwa, posintha umwini ku Road Traffic mukatuluka thukuta, mwinanso apolisi akhala ndi mafunso.

Wina ati, "Koma ili ndi COF." Pepala limanena za tsiku lomwe galimoto inayesedwa, silinena za m'kati mwa chitsulo lero. Wina ati, "Zitsulo zakale n'zolimba, taonani Ilala." Eya, Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndipo yakhala pa nyanja yathu kuyambira 1951. Koma siyakhalitsa chifukwa cha mwayi. Imaima ku Monkey Bay, amaipala, amaiwotcherera, amaipaka penti. Ndipo imayenda m'madzi opanda mchere. Chitsulo chimakhalitsa chikamasamalidwa, osati chifukwa n'chakale.

Ndipo tinene zoona, ifenso a kunyanja timawoletsa magalimoto. Madzi a ayezi wosungunuka osakanikirana ndi a nsomba amadontha pa bodi n'kutsikira pa chassis ulendo uliwonse. Ponyamula matumba a feteleza ndi a mchere, zotayikira zake zimadya chitsulo koopsa. Ndiye ngati mwapeza yabwino n'kugula, yalani pulasitiki yolimba kumbuyo, tsukani kunsi ndi madzi ambiri makamaka mukayenda m'matope, tsegulani timabowo totulutsa madzi, ndipo chaka chilichonse mvula isanayambe thirani oyilo m'kati mwa chassis.

Ndalama ya pa nyanja mukuidziwa momwe imabwerera. Ndi usiku wathunthu pa nyali, ndi mwera, ndi manja osupuka ndi chilimira. Si ndalama yoti mukaisiye kwa Mlolo chifukwa munachita manyazi kudetsa malaya pamaso pa mwini galimoto. Mbewa yamanyazi inafera kuuna. Transipoti yopita ndi kubwerera chimanjamanja imawawa, koma ndi yotchipa kuyerekeza ndi galimoto yokhala pa zitsa kuseri kwa nyumba, nkhuku zikuikiramo mazira. Ngati nokha simukudzidalira, tengani makaniko amene si mnzake wa wogulitsa, mumulipire tsiku lake.

Tumizani kwa aliyense amene mukudziwa kuti akusunga ndalama ya galimoto. Amene mupite kwa Mlolo, jambulani kunsi konse ndi foni, makamaka pa masipuling'i ndi pa chiwongolero, munditumizire musanapereke ngakhale kobiri. Muyende bwino.