Maiwe a mu Phalombe Asiyidwe

Ndiloleni kuti ndinenepo mau pang'ono pa nkhani ya mtsinje wathu wa Phalombe. Ndiyambe ndi kuulula. Pa tchuthi chapita ine ndinatsagana ndi amalume kukapha nsomba ndi masikito, omwe aja amatipatsa kuti tizigonamo. Tinadzaza chidebe, koma zambiri zinali tiana tosaposa chala cha kaniye. Ndiwo zake ndinadya, sindikana ai, koma mtima sunakhale pansi.

Tsono tamverani chifukwa chake. Mtsinje umenewu umachokera ku phiri la Mulanje, limene nkhalango yake inakhala yotetezedwa ndi boma mu 1927, ndipo umakathira m'nyanja ya Chilwa. Nyanja imeneyi njosazama, ndiponso palibe mtsinje wotulukamo. Mvula ikavuta zaka zingapo imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato ambiri anangokhala pa matope. Kodi matemba, makumba ndi milamba zimapita kuti pa nthawi yotere? Zambiri zimafa, inde, koma zina zimathawira m'maiwe akuya a m'mitsinje monga Phalombe, Likangala ndi Domasi. M'menemo zimadikira mvula, ndipo madzi akabwera zimatsika nkukaswananso m'nyanja. Kotero dziwe limodzi la mu Okutobala liri ngati nkhokwe ya mbeu. Munthu wothira katupe m'dziwe lotere sasankha ai. Amapha nsomba yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo madziwo ndi omwe amai athu amachapira kumunsi.

Ena adzati, mwana wa sukulu akudya za makolo ake, adziwa chiyani za njala? Mau amenewa ali ndi nzeru, ndipo sindiwapeputsa. Chichitikire namondwe wa Freddy mu Marichi 2023, mabanja ambiri kuno anataya minda ndi ziweto, ndipo ndiwo za pamsika nzokwera mtengo. Sindikunena kuti anthu aleke kuwedza. Mbedza ndi mono makolo athu anaphera nsomba zaka zosawerengeka, mtsinje osatha. Chimene ndikudana nacho ndi katupe ndi masikito basi, makamaka m'chilimwe pamene nsomba zapanikizika malo amodzi. Nyanja ya Chilwa inalembedwa mu 1997 pa pangano la Ramsar monga dambo lofunika pa dziko lonse, koma dzina lokhalo silingaswetse ngakhale themba limodzi ngati ife a kumtunda tatha mbeu.

Za osaka mbewa ndinene mwachidule. Kutentha phiri la Michesi chifukwa cha mbewa zisanu nkupusa, ndipo akulu amene anaona napolo wa mu 1991 sakondwa kuona phirilo liri mbee.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ili: mutilole Loweruka limodzi pa mwezi tizipita ku mtsinje ndi kope ndi pensulo, malegeni atsale ku nyumba. Tikawerenge maiwe amene samauma, tilembe mbalame zimene taziona, monga akakowa ndi anantchengwa, kenaka tikapereke zolembazo kwa mafumu a midzi ya m'mbali mwa mtsinjewo kuti maiwe amenewo awaikire lamulo. Amalume ndawauza kale maganizo amenewa. Anaseka, koma masikito aja anawabwezera pa bedi.

Wophunzira wa Fomu 3