Jim Marshall munamulakwira

Ukalemba dzina la Jim Marshall pa YouTube, chomwe chimayamba kubwera ndi kavidiyo ka mu 1964: watola mpira, wathamanga mayadi 66 kulowera kugolo la timu yake yomwe. Anthu n'kumaseka. Ine zimandinyansa.

Bamboyu anasewera magemu 282 a NFL motsatizana, osajomba olo imodzi. Pamalo pake m'pomwe amuna amagundana ngati nkhosa zamphongo, komanso m'chisanu cha ku Minnesota. Super Bowl anafikako kanayi. Anzake a pamzere umodzi, Alan Page ndi Carl Eller, analowa kalekale mu Hall of Fame. Iye anamwalira mu 2025 akadali panja.

Ena amati manambala ake ndi ochepa. Manambala ake ati? NFL inayamba kuwerenga ma sack mu 1982, iye atapuma kale mu 1979. Mukumuyeza ndi sikelo yomwe kunalibe?

Ndipotu gemu mumaseka ija Vikings inawina 27-22. Marshall yemweyo ndi amene anagwetsa quarterback wa 49ers, mpira n'kupulumuka, Eller n'kukagoletsa. Koma zimenezo simumatumizirana pa WhatsApp, eti?