Msana wouma ndi makina a maginito

Nsawa, soya ndi thonje zikagulitsidwa, kandalama kali m'thumba, ndi pamene alendo onyamula zikwama amachuluka m'misika ya kuno ku Lundazi. Ena amabwera ndi kompyuta ndi kachitsulo kofumbata m'manja, nati m'mphindi zochepa kaulula matenda onse a m'thupi. Ena ali ndi zibangili, malamba ndi timphasa ta maginito, zomwe akuti zimafewetsa msana wouma. Ophunzira athu akale angapo atifunsa ngati n'koyenera kugula. Yankho lathu ndi lakuti ayi, koma funsolo sitilipeputsa, pakuti ululu umene ukuwatuma kufunsa ndi weniweni.

Aliyense amene anasendapo mbuzi anaonapo kanembanemba koyera, koterera, kokuta mnofu ndi kulekanitsa mnofu wina ndi unzake. Madokotala amakatcha fascia, ndipo nafenso tili nako thupi lonse. Pamsana pamunsi ndi kochindikala, kosanjikizana, ndipo magawo ake amayenera kutsetsereka pa anzake munthu akamawerama kapena kutembenuka. M'chaka cha 2011 gulu la Helene Langevin ku America linayeza kutsetsereka kumeneku, nkupeza kuti mwa anthu odwala msana kwa nthawi yaitali kunali kochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho wamalonda akamanena kuti kanembanembaka kamakhudzana ndi kuuma kwa thupi, sakunama. Bodza limalowa pamene akutulutsa lamba m'chikwama.

Amati maginito amakoka ayironi wa m'magazi kuti magazi athamange. Zikanakhala choncho, makina a MRI a m'zipatala zazikulu, omwe maginito ake ndi amphamvu kutalitali kuposa a m'chibangili, bwenzi akuvulaza aliyense wolowamo. M'chaka cha 2007 Edzard Ernst ndi anzake ku England anasonkhanitsa zofufuza zoyerekeza maginito enieni ndi onamizira, ndipo sanapeze umboni woti enieniwo amachepetsa ululu. M'chaka cha 2013 ofufuza a ku yunivesite ya York anayesa zibangili za mkuwa ndi za maginito pa odwala nyamakazi, ndipo sizinathandize. Tivomereze kuti alipo makina amagetsi ndi maginito omwe boma la America linaloleza mu 1979 pothandiza fupa lothyoka lokanika kulumikizana. Amenewo ndi a m'chipatala, pa vuto limodzi lodziwika, osati opimira mudzi wonse pansi pa mtengo wa mango. Kuno kwathu bungwe la ZAMRA ndilo limayang'anira mankhwala ndi zida zachipatala, ndipo la HPCZ limalembetsa ogwira ntchito zaumoyo. Wokupimani thupi mumufunse chikalata chake. Woona mtima sakwiya nalo funso limeneli.

Nanga msana umaumiranji? Tiwerengere pamodzi. Pa ulimi wa gampani umene timaphunzitsa, hekitala imodzi imalowa maenje pafupifupi 15,850, ndiye kuti lima imodzi ndi maenje pafupifupi 4,000, lililonse lakuya masentimita 20. Amene ayamba mwezi wa May kapena June, nthaka isanaumitsitse, nakumba maenje 100 m'mawa uliwonse, amatsiriza lima m'masiku 40, dzuwa lisanafike pamutu. Koma ambiri a ife, ndipo aphunzitsi sitikudzipatula, timadikira mpaka mitambo ya October itayamba kusonkhana. Pamenepo nthaka ili ngati mwala, khasu la chaka ndi lolemera, ndipo ntchito ya milungu isanu ndi umodzi timaipanikiza m'masiku khumi. Thupi lomwe lakhala miyezi itatu likupuma timalilamula kuwerama kuyambira mbandakucha mpaka madzulo. Amayi akaweruka kumeneko mtolo wa nkhuni ndi chigubu cha madzi zikuwadikira, mwana ali kumbuyo. Kenaka kubwere kupalira, kenaka kutola thonje. Palibe lamba wa maginito amene angafafanize masamu amenewa.

Zimene zimathandiza n'zosasangalatsa kumva chifukwa n'zaulere. Mpini ukhale wautali molingana ndi msinkhu wa mwini wake. Taona ophunzira aatali akulima ndi mpini wosemera mwana. Ponyamula thumba la feteleza la makilogalamu 50 pindani mawondo, thumba likhale pafupi ndi thupi, ndipo kuitana mnzanu si ulesi. Mukatsiriza mizere ingapo weramukani, manja m'chiuno, muyende pang'ono. Amene ali ndi ng'ombe aganizire za ripa ya Magoye. Msana ukayamba kuwawa musagone pamphasa sabata yathunthu, pakuti thupi losayenda ndilo limaumiratu. Malangizo amene bungwe la WHO linatulutsa mu December 2023 pa za msana wopweteka nthawi yaitali amatsamira pa kuphunzitsa wodwala ndi kulimbitsa thupi, ndipo amavomerezanso kusisita. Malamba omanga m'chiuno ndi timakina tolasa khungu ndi magetsi, totchedwa TENS, sanativomereze kuti tizigwiritsidwa ntchito mwachizolowezi.

Chimene chimatidetsa nkhawa koposa kutayika kwa ndalama za mbewu ndi kutayika kwa nthawi. Kuuma kwina si kwa khasu. Msana wopweteka usiku, pamodzi ndi kuonda, kutentha thupi ndi thukuta la usiku, ukhoza kukhala TB ya m'mafupa a msana, yomwe imachizika m'chipatala koma ikachedwa imapuwalitsa miyendo. Dzanzi m'miyendo yonse iwiri, kapena kulephera kugwira mkodzo, n'zofunika chipatala tsiku lomwelo. Ndipo ife ogwira manyowa ndi zitsulo tisaiwale kafumbata: munthu amene anadzitema kapena kuponda msomali, patapita masiku nsagwada ndi khosi n'kuyamba kuuma, asayalidwe pa kamphasa ka maginito kudikira kuti afewe. Apezeredwe njinga yamoto kapena galimoto nthawi yomweyo.

Pano pasukulu chaka chino tiyamba kukumba maenje tikangotsiriza kukolola, ndipo wophunzira aliyense adzasema mpini wakewake asanalowe m'munda. Inu amene munatsiriza kale maphunziro, tilembereni mutiuze mwezi umene mumayamba gampani kwanu, ndi maenje angati amene mumakumba pa tsiku.