Maloboti othandiza odwala sitiroko: zomwe kafukufuku wapeza

Munthu akadwala sitiroko n'kupulumuka, ntchito yaikulu imayamba akatuluka m'chipatala. Dzanja lomwe linkagwira khasu kapena cholembera limangolendewera, mwendo umakhwekhwereza, ndipo kuti ziwalozi ziyambenso kumvera pamafunika miyezi yambiri ya masewero olimbitsa thupi omwe ambiri amangowatchula kuti mafizo. Malinga ndi bungwe la World Stroke Organization, anthu pafupifupi 12 miliyoni amadwala sitiroko chaka chilichonse pa dziko lonse. Kwa zaka zoposa 30 tsopano, maiko olemera akhala akuyesa kugwiritsa ntchito maloboti pothandiza odwalawa. Zotsatira zake zidatuluka, ndipo ndi bwino kuti adindo omwe amakonza ndondomeko za chuma ndi kugula zipangizo za m'zipatala azidziwe.

Sitiroko imadza pamene mtsempha wa magazi mu ubongo watsekeka kapena waphulika. Gawo lomwe lasowa magazi limawonongeka, koma mbali zina za ubongo zimatha kuphunzira ntchito ya gawolo ngati wodwala akubwereza kusuntha chiwalocho kambirimbiri. Apa ndi pomwe pagona vuto. Kafukufuku wina yemwe adatuluka m'chaka cha 2009, atachitika m'zipatala za ku America ndi Canada, adapeza kuti pa ulendo umodzi wa mafizo wodwala amabwereza ntchito ya dzanja pafupifupi ka 32 kokha. Katswiri wa mafizo ndi munthu, amatopa, komanso pakhomo pamakhala pali odwala ena akudikira.

Pofuna kuthana ndi vutoli, akatswiri awiri a pa sukulu ya ukachenjede ya MIT ku America, Neville Hogan ndi Hermano Igo Krebs, adayamba kupanga makina otchedwa MIT-Manus m'chaka cha 1989. Wodwala amakhala pampando, dzanja lake lomangiriridwa ku mkono wa makinawo, n'kumayesa kusuntha kadontho pa kompyuta kuti kafike pomwe pasonyezedwa. Akalephera, makina amamukankhira dzanjalo pang'onopang'ono. Akayamba kupeza mphamvu, makina amachepetsa thandizo. Mwa njirayi wodwala amatha kusuntha dzanja koposa ka 1,000 pa ola limodzi. Pa nkhani ya miyendo, kampani ya Hocoma ya ku Switzerland idapanga Lokomat, makina omwe amanyamula wodwala ndi malamba n'kumayendetsa miyendo yake pa lamba wozungulira, ntchito yomwe kale inkafuna anthu awiri kapena atatu ogwada pansi.

Chiyembekezo chidali chachikulu, koma kafukufuku adachibweza pansi. M'chaka cha 2010 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine idasindikiza zotsatira za kafukufuku wa odwala 127 m'zipatala za asilikali opuma ku America, onse omwe adali atakhala ndi vuto la dzanja kwa miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo. Ena adathandizidwa ndi loboti, ena adalandira chithandizo cha nthawi zonse, pomwe gulu lachitatu lidachita mafizo ndi akatswiri omwe adauzidwa kuti abwereze masewero mochuluka ngati lobotiyo. Patatha masabata 36, a loboti adaposako pang'ono olandira chithandizo cha nthawi zonse, koma sadapose omwe adachita mafizo ochuluka ndi anthu anzawo. Kunena mwachidule, chomwe chidathandiza ndi kuchuluka kwa masewero, osati chitsulo.

Kafukufuku wamkulu kuposa uyu, wotchedwa RATULS, adachitika ku Britain motsogozedwa ndi Pulofesa Helen Rodgers wa ku Newcastle University, ndipo zotsatira zake zidatuluka m'magazini ya The Lancet m'chaka cha 2019. Odwala 770 adagawidwa m'magulu atatu, ndipo a gulu la loboti ankachita masewero a mphindi 45 katatu pa sabata kwa masabata 12. Mapeto ake, loboti sidathandize kuti dzanja ligwire ntchito bwino kuposa chithandizo cha nthawi zonse, ndipo ofufuzawo adati phindu lake silikugwirizana ndi ndalama zomwe zimalowa. Ngati dziko lolemera ngati Britain likuwerengera chonchi, dziko lomwe thumba lake la zaumoyo ndi loperewera liyenera kuwerengera kawiri.

Ku mbali ya miyendo nkhani ndi yolimbikitsako. Bungwe la Cochrane, lomwe limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, lidanena m'chaka cha 2020 kuti makina oyendetsa miyendo, akaphatikizidwa ndi mafizo, amawonjezera mwayi woti wodwala adzayende payekha, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira komanso kwa omwe sakutha kuyenda n'komwe. Mawu ofunika apa ndi oti "akaphatikizidwa": makinawo salowa m'malo mwa katswiri.

Kuno kwathu nkhaniyi si yakutali. Kafukufuku yemwe Unduna wa Zaumoyo udachita mogwirizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu aliwonse a zaka 25 mpaka 64 ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe ndi gwero lalikulu la sitiroko. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba m'chaka cha 2010 ku College of Medicine, yomwe tsopano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, ndipo akatswiriwa akadali ochepa. Malo ngati Kachere ku Blantyre sangakwanitse kulandira aliyense. Odwala ambiri amabwerera kumudzi, kumene mkazi, mwamuna kapena mwana ndi amene amawongola dzanja ndi kuphunzitsa kuyenda, nthawi zina popanda malangizo okwanira.

Loboti ya mtengo wapatali yoikidwa pa chipatala chachikulu singamufikire munthu ameneyu. Imafuna magetsi osathimathima, amisiri oikonza ndi zipangizo zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja, ndipo tonse tidawonapo makina amphatso ataphimbidwa ndi nsalu pakona chifukwa cha kachitsulo kamodzi kosowa. Choncho poganizira zogula kapena kulandira makina otere, funso loyamba likhale lakuti: kodi athandiza katswiri mmodzi kusamalira odwala angati pa tsiku, nanga ndalama yomweyo ingaphunzitse ndi kulemba ntchito akatswiri angati?

Ofufuza ena ayamba kale kuyang'ana mbali imeneyi. Ku Chihuahua m'dziko la Mexico adayesa chipinda cha makina chomwe chidakonzedwa kuti katswiri mmodzi azitha kuyang'anira odwala angapo nthawi imodzi, aliyense akusinthana makina ndi mnzake. Zotsatira zomwe zidatuluka m'chaka cha 2016 zidaonetsa kuti odwalawa adapeza bwino mofanana ndi omwe ankathandizidwa mmodzimmodzi, ngakhale kuti odwala onse adali 20 okha, chiwerengero chochepa kwambiri kuti boma lililonse likhazikepo ndondomeko. Mmodzi mwa omwe adachita nawo kafukufukuyu, Dr Michelle Johnson wa ku University of Pennsylvania, adapitiriza ntchito ya maloboti otsika mtengo pogwirizana ndi akatswiri a ku Botswana.