ZA MPIRA: ZIGOLI 107 ZA UCAR

Acikulire a ku Kapata mu Chipata, amene anali kuunjikana pa wailesi kumvera Dennis Liwewe, sanamuiwale Godfrey "Ucar" Chitalu. Mu 1972 katswiri ameneyu anamwetsa zigoli 107, ndipo timu yace ya Kabwe Warriors inasesa ligi pamodzi ndi zikho zonse za m'dziko muno.

Pamene Lionel Messi anamwetsa 91 mu 2012, maiko anamuombera m'manja. Koma za Chitalu, bungwe la FIFA linati silingathe kutsimikiza. Mau amenewa akali kuwawa mpaka lero, pakuti mwini wace sakanatha kudziyankhira. Anafa pa ngozi ya ndeke ku Gabon mu April 1993, ali mphunzitsi wa timu ya Zambia.