Kodi Liu Loti "Ngodya" Likwanira?

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 anavomereza Chicheŵa pakati pa zinenero 16 za boma. Tsono zidzukulu za Amalaŵi amene anadzakumba golide ku Cam and Motor, kufupi ndi Kadoma, zikadzaphunzira masamu m'chinenero chao, tidzazipatsa mau ati?

Ambiri angathamangire liu loti "ngodya". Ife tikukaika. Ngodya ndi malo, pokumana zipupa; chimene masamu ayesa ndicho kukula kwa kutembenuka. Pa madigiri 90 liuli likwanira. Koma pa madigiri 180 mzere uli woongoka, ndipo mwana adzafunsa kuti ngodyayo ili pati.

Tiyambe ndi chitseko chotseguka pang'onopang'ono, ndi mneni "kutembenuka". Dzina lidzabwera pambuyo, mwana atazindikira chimene tikuyesa.